PIVlab ndaigwiritsa miyezi 8: pa integral scale ili bho, koma pa Kolmogorov musaikakamize

Ndakhala ndikulonjeza kuti ndilemba za PIVlab, pulogalamu yoyezera liwiro la madzi kapena mphepo kuchokera pa zithunzi, kuyambira kalekale koma labu imangondidya, nde lero poti pampu yathu ikukonzedwa ndipo ndangokhala ndati bwanji ndilembe basi. Amene mukupanga engineering ya za madzi kapena za mphepo, kaya muli kumudzi kaya muli kuno ku Joni ngati ine, mwina zikupulumutsani miyezi ingapo yomwe ine ndinataya.

Ndiyambe ndi chimene ndimayeza, chifukwa ndikangoti turbulence achibale kunyumba amaganiza kuti ndikunena za ndege ikamagwedezeka mmwamba, zomwenso sizili kutali kwenikweni. Imani pa mlatho nthawi ya dzinja mtsinje utadzadza, muyang'ane kuseri kwa mzati wa mlathowo. Madzi amazungulira, pali kuzungulira kwakukulu kofanana ndi mzatiwo, mkati mwake muli kwina kocheperako, mkati mwa kumenekonso muli tina ting'onoting'ono toti maso sangaone. Akamvuluvulu a mmadzi amenewa ndi amene timati ma eddy. Lewis Fry Richardson anafotokoza mu 1922 kuti akuluakuluwo amasweka nkupereka mphamvu kwa ocheperako, ocheperako kwa ang'onoang'ono, mpaka pothera pomwe viscosity ya madzi, ndiye kuti kunanda kwake, imameza mphamvu yonse nkuisandutsa kutentha. Ine ndimaziona ngati K5000 ukangoisintha pa golosale, isanduka ma K1000, kenako ma K200, kenako sudziwanso kuti yathera pati.

Nde pali miyeso itatu yomwe aliyense amafuna mu thesis. Integral scale ndiko kukula kwa ma eddy akuluakulu omwe asenza mphamvu zambiri. Kolmogorov scale, ija Andrey Kolmogorov anabweretsa mu 1941, ndiko kukula kwa tothera tija, ndipo imadalira zinthu ziwiri zokha, viscosity ndi dissipation yomwe ndi liwiro lomwe mphamvu ikuthera. Umatenga viscosity kuikweza ku 3, kugawa ndi dissipation, kenako root ya 4, basi. Pakati pake pali Taylor microscale ya G. I. Taylor ya 1935, yomwe kunena zoona siikuimira eddy iliyonse yomwe ungaloze ndi chala koma aliyense amaigwiritsa ntchito powerengera Reynolds number yake, nambala yosonyeza mphamvu ya turbulence poyerekeza ndi viscosity.

Ine ndili ndi ngalande ya galasi, flume, madzi amayenda pa 0.2 m/s, kutsogolo ndinaika grid ya timitengo ta pulasitiki topingasa, mabowo ake motalikirana mamilimita 25, ndipo ndimayeza masentimita 50 kumunsi kwa grid. A supavaiza anang'ung'udza kuti pamenepo mpafupi kwambiri, akatswiri a turbulence ya kumunsi kwa grid ngati Comte-Bellot ndi Corrsin ankayeza kutali ndithu mu wind tunnel yawo ya ku Johns Hopkins, koma nanga galasi loonekera bwino lathera pompo ndipange bwanji.

Tsopano PIVlab yo. Ndi pulogalamu yaulere yomwe imayenda mkati mwa MATLAB, anailemba William Thielicke nthawi yomwe ankapanga PhD ku Groningen pofufuza mmene mbalame zimakupizira mapiko, ndipo pepala lake lomwe aliyense amatchula analemba ndi Eize Stamhuis mu 2014. Imapezeka pa GitHub komanso pa File Exchange ya MATLAB. Ntchito yake ndi PIV, kutanthauza kuti umathira tinthu ting'onoting'ono mmadzi, ine ndimathira timikanda tagalasi ta ma micron 10 tomwe timaoneka ngati ufa woyera, nkuwalitsa laser yobiriwira yomwe yapyapyalitsidwa ngati pepala, kamera nkujambula zithunzi ziwiri motsatizana kwambiri. Pulogalamuyo imadula chithunzi mmagawo ang'onoang'ono, ma windo, nkufufuza kuti timadontho ta mu windo iliyonse tasuntha bwanji kuchoka pa chithunzi choyamba kufika pa chachiwiri. Zotsatira zake ndi timivi, ma vector, todzadza sikirini yonse.

Tsiku loyamba kuona timivi timeneti ndinasangalala ngati mwana amwene. Kuchoka poika pulogalamu kufika poona ma vector oyamba sipanathe ola, ndipo sindinalembe code ngakhale mzere umodzi. Umalowetsa zithunzi, kusankha dera lomwe ukufuna, kuphimba malo omwe laser ikunyezimira pa galasi, kuyatsa CLAHE kuti timadontho tionekere bwino ngakhale mbali yomwe kuwala kwachepa, kusankha njira yowerengera yotchedwa FFT window deformation, kuika ma pass omwe ndi maulendo obwereza kuwerengako windo ikucheperachepera, kudina analyze. Calibration yakenso njosavuta, umajambula rula ili mmadzi pamalo penipeni pomwe laser imadutsa, kudina malo awiri nkuiuza kuti apa ndi apa mpotalika mwakuti. Ndimanena kuti ili mmadzi dala chifukwa ine koyamba ndinajambula rula nditaigunditsa kunja kwa galasi kuopa kunyowa ndi madzi ozizira, ndipo manambala onse a sabata imeneyo anapita mu bin. Kulakwa kwanga, osati kwa pulogalamu.

Poyerekeza ndi mapulogalamu ogula monga DaVis ya LaVision kapena DynamicStudio ya Dantec omwe amabwera limodzi ndi makina awo, apa sulipira kalikonse kupatula laisensi ya MATLAB ndi Image Processing Toolbox, zomwe mayunivesite ambiri amakhala nazo kale. Amene mulibe MATLAB kuli OpenPIV ya Python, nayonso njaulere, koma ine ndinazolowera PIVlab chifukwa chilichonse umachiona ndi maso pompopompo, ukasintha windo ukuona kusintha, ukasefa ma vector olakwika ukuona omwe achotsedwa. Ndipo ichi ndi chimene ndimauza anzanga a ku MUBAS ndi ku MUST akamafunsa, kuti mbali ya pulogalamu siikufunanso ndalama, mutu umawawa pa kamera ndi laser basi.

Integral scale ndi pomwe pulogalamuyi inandigwirira ntchito mpaka ndinaikonda. Kale anthu ankadalira hot-wire, kawaya ka tungsten ka ma micron 5 kotenthetsedwa ndi magetsi, komwe kamayeza liwiro pamalo amodzi okha koma mwachangu koopsa. Vuto nloti kamakupatsa nthawi osati mtunda, nde umayenera kubwereka ganizo la Taylor la 1938 loti ma eddy amangodutsa ngati aundana osasintha maonekedwe, nkuchulukitsa nthawi ndi liwiro la madzi kuti upeze mtunda. Zimagwira ngati kugwedezeka kuli kochepa poyerekeza ndi liwiro lonse, koma kuseri kwa mzati kapena pomwe madzi akubwerera mmbuyo zimakanika. PIV ilibe nazo ntchito zimenezo, chithunzi chimodzi chikukupatsa malo mazanamazana nthawi imodzi. Ndimatulutsa ma vector onse mu fayilo ya mat, kuchotsa average, kenako kuwerengera ndekha autocorrelation, yomwe ndi kufunsa kuti liwiro la pano likufanana bwanji ndi la pamtunda wakuti kuchokera pano. Pafupi zimafanana kwambiri, ukamatalikira kufananako kumatsika mpaka ziro, ndipo dera la pansi pa mzere umenewo ndiyo integral scale yako. Code yake siipitirira mizere 30.

Koma apanso ndinagwa kawiri. Koyamba ndinajambula zithunzi 3000 pa mafelemu 320 pa sekondi nkumadzimva kuti ndili ndi deta yambiri, osadziwa kuti zonsezo ndi masekondi 9 okha. Madzi amatenga pafupifupi kota zitatu za sekondi kudutsa dera lomwe kamera ikuona, nde ndinali nditajambula ma eddy omwewomwewo kambirimbiri, ngati kufunsa munthu mmodzi funso limodzi ka 200 nkumati ndapanga kafukufuku. Ndinasintha nkumajambula zithunzi ziwiri, kudikira sekondi, ziwiri zina, mpaka ma pair 1500, zomwe zimatenga mphindi 25 uli chiimire mu mdima ndi magalasi a laser kumaso, koma mzere wa autocorrelation unasalala bwinobwino.

Kachiwiri mzerewo unkakana kufika pa ziro, umangotsika nkuima mmalere, ndipo integral scale imatuluka mamilimita 60, kuposa kawiri bowo la grid, zomwe sizimveka. Ndinakhala masiku ndikusinthasintha ma setting mu PIVlab kuganiza kuti vuto lili mmenemo. Madala ena a ku workshop, omwe akhala mu labu imeneyi zaka zambiri kuposa a supavaiza, anangobwera nkuima pambali pa ngalande osayang'ana nkomwe kompyuta, kenako akuti taona madzi akowa akupuma. Zoonadi pamwamba pa madzi pamakwera nkutsika pang'onopang'ono, ngalande yonse imayenda limodzi kutsogolo ndi mmbuyo chifukwa cha pampu, ndipo kuyenda kumeneko autocorrelation imakuona ngati eddy imodzi yaikulu kwambiri. Tinagula ma straw omwera zakumwa mapaketi angapo, kuwadula mofanana nkuwamanga pamodzi ngati chisa cha njuchi polowera madzi, nkuikanso siponji kothera, ndipo integral scale inatsika kufika pa mamilimita 12, pafupifupi theka la bowo la grid, pomwe imayenera kukhala. Ndinayesanso kaja ka mmabuku koti ngati turbulence ili yofanana mbali zonse, integral scale yotsata njira ya madzi iyenera kukhala kawiri ya yopingasa, ndipo zanga zinayandikira ndithu ngakhale sizinafike ndendende. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Nkhani yomwe ndalembera zonsezi ndi ya Kolmogorov scale, chifukwa apa mpomwe pulogalamu yabwino ingakupusitse iwe mwini ukusekerera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kugwedezeka kwa liwiro pamalo anga ndi pafupifupi 4 peresenti ya 0.2 m/s, ndiye kuti mamilimita 8 pa sekondi. Kuyerekeza kwachidule kwa dissipation nkutenga 8 ameneyu kumukweza ku 3 nkugawa ndi integral scale, ndipo ndi viscosity ya madzi pa madigiri 20 yomwe ili pafupifupi 1 mm² pa sekondi, Kolmogorov scale ikutuluka pafupifupi mamilimita 0.4. Taylor microscale ikubwera cha mma 5. Tsopano kamera yanga ili ndi ma pixel 1920 mulifupi ndipo imaona mamilimita 150, ndiye pixel imodzi ndi mamilimita 0.078. Windo ya ma pixel 32 ndi mamilimita 2.5. Mwaiona nkhaniyo? Windo yanga inali yaikulu ka 6 kuposa kanthu komwe ndimafuna kuyeza. Ngakhale nditatsitsa kufika pa 16 inali ikadali yaikulu katatu. Chilichonse chochitika mkati mwa windo pulogalamu imachiphatikiza nkutulutsa muvi umodzi, nde ting'onoting'ono tija timangosowa. Ukonde wa chambo sungagwire usipa amwene, usipa umangodutsa mmaso mwa ukondewo iwe nkubwerera kumtunda nkumauza anthu kuti lero mnyanja mulibe usipa.

Ndipo chopweteka nchakuti palibe chimene chimakuchenjeza. Ma vector amaoneka okongola, vorticity, muyeso wa kuzungulira kwa madzi, ukaiyatsa imatuluka mitundu yofiira ndi yabuluu yoti ungaike pa poster, ukawerengera ma gradient, kusiyana kwa liwiro pakati pa ma vector oyandikana komwe kumakupatsa dissipation, nambala imatuluka, ukaiika mu fomula Kolmogorov scale imatuluka, ina yake yooneka yaulemu. Ine ndinafika poiika mu ma slide. Pa miting'i ya gulu lathu a Prof anangofunsa funso limodzi mofatsa, akuti windo yako ndi mamilimita angati, ndipo nditayankha anangoti hmm nkupitiriza kumwa khofi wawo. Hmm imeneyo ndimaimvabe mpaka lero kkkk.

Pali msampha wina womwe ndikuona anthu ambiri akugweramo. Ukaika windo ya 16 ndi step ya 8, ndiye kuti windo ikusuntha ma pixel 8 nthawi iliyonse, ma vector amatalikirana ma pixel 8, nde munthu amalemba kuti resolution yanga ndi 8. Ayi. Muvi uliwonse ukuchokerabe mu windo ya 16, ungoti ma windowo akwerana. Kuchulukitsa timivi sikukuonjezera zomwe kamera yaona, nchimodzimodzi kuthira madzi mu ndiwo kuti zikwanire anthu ambiri.

Nde munthu umaganiza kuti chabwino ndingochepetsa windo mpaka 8 basi. Ndinayesa. Windo iliyonse imafuna timadontho tingapo, anthu amati kuyambira 5 mpaka 10, kuti correlation, kufananitsa zithunzi ziwiri kuja, ikhale yodalirika, ndipo ukachepetsa windo osawonjezera timikanda umapeza ma windo ena ali ndi kadontho kamodzi ena alibiretu, ma vector nkuyamba kuloza kulikonse ngati nkhuku zobalalika. Ukathira timikanda tambiri madzi amachita mbuu ngati thobwa losungunula, laser siidutsanso bwino. PIVlab ili ndi zosefera zabwino, ya standard deviation, ya local median, komanso ina yomwe ndimaikonda yomwe imakuonetsa ma vector onse ngati madontho pa graph iwe nkujambula bokosi kuzungulira omwe ukuwakhulupirira. Omwe achotsedwa imawabwezeretsa poyerekeza ndi oyandikana nawo nkuwapaka mtundu wa olenji. Pa chithunzi cha mu lipoti zimenezo zili bwino, koma powerengera ma gradient muvi wa olenji ndi wopeka, si woyezedwa, nde ine ndimauchotsa. Mwamwayi pulogalamu imasunga chizindikiro cha muvi uliwonse mu typevector ndiye kuwasiyanitsa nkosavuta. Smoothing nayonso ndimaizimitsa ndikamafuna ziwerengero, chifukwa ikusalaza zomwezo zomwe ndikusaka.

Kenako pali noise, zolakwika za muyeso zongobwera mwachisawawa, yomwe inandizunguza mutu kuposa zonse. PIV yabwino imalakwitsa ndi pafupifupi 0.1 ya pixel, zomwe zimamveka zochepa mpaka utawerengera zako. Ine poyamba ndinatsatira lamulo lija loti timadontho tisasunthe kupitirira kota ya windo, nde ndinaika nthawi ya pakati pa zithunzi pafupifupi ma millisecond 3 kuti tisunthe ma pixel 8. Koma 8 ameneyo ndi wa liwiro lonse. Turbulence yeniyeniyo, 4 peresenti ija, ndi 0.3 ya pixel yokha. Ndiye ukufuna kuyeza 0.3 ndi chida cholakwitsa ndi 0.1, kenako nkutenganso kusiyana kwa ma vector awiri oyandikana komwe nkochepa kuposa pamenepo, nkukuchulukitsa kokhakokha. Noise imakwera mpaka kuphimba chilichonse. Apa multipass, ma pass angapo aja, inandithandiza, chifukwa lamulo la kota lija limakhudza pass yoyamba yokha, ukayamba ndi windo ya 64 kapena 128 nkumatsika, ukhoza kutalikitsa nthawi timadontho nkusuntha ma pixel 16 kapena 20, turbulence nkukula kawiri pa chithunzi noise ili pomwepo. Malire ake ndi oti ukachedwetsa kwambiri timikanda timatuluka mu kuwala kwa laser chammbali, chithunzi chachiwiri nkusapezekamo.

Tsono taonani chinyengo chake. Windo yaikulu imatsitsa dissipation, noise imaikweza. Pali windo ina pakatikati pomwe zolakwika ziwirizi zimafafanizana nambala nkutuluka yofanana ndi yomwe umayembekezera, ndipo ukakhala wotopa deadline ili pakhosi mtima umakuuza kuti imeneyo ndiyo yolondola. Ine ndinayendetsa deta imodzimodzi ndi windo ya 48, 32, 24, 16 ndi 12, dissipation imangokwera windo ikamachepa osaima paliponse. Ikanakhala yoona inayenera kufika pena nkukhazikika. Ngati pali chinthu chimodzi choti muchite musanakhulupirire nambala yanu ndi chimenechi, ndipo ubwino wa PIVlab ngwakuti kuchita zimenezi nkosavuta, umasunga ma setting nkuisiya ikuyenda usiku, makamaka ngati muli ndi Parallel Computing Toolbox yomwe imagawa ntchito ku ma core onse. Pa laputopu yanga ma pair 1500 amatenga nthawi yoti ndikaphike nkudya nkutsuka mbale.

Peak locking ndingoitchula mwachidule. Timadontho tikamaoneka tochepera ma pixel awiri pa chithunzi, zotsatira zimakonda kukakamira pa manambala athunthu, 8 kapena 9 osati 8.4. Jambulani histogram, mukaona mano ngati chipeso dziwani kuti mwagwidwa. Mankhwala ake ndi odabwitsa, umasokoneza focus pang'ono dala kuti kadontho kafufume kufika ma pixel awiri kapena atatu.

Njira yoonekeratu ndi kuyandikitsa kamera. Ndinabwereka macro lens nkuona dera la mamilimita 40 lokha, pixel nkukhala mamilimita 0.021, windo ya 16 nkukhala 0.33, yocheperako kuposa Kolmogorov scale. Zinayamba kumveka, ngakhale panafunika kupyapyalitsanso laser chifukwa kuwala kukakhala kokhuthala milimita yathunthu ndiye kuti ukuphatikizabe ma eddy mbali yolowa mkati ngakhale windo ichepe bwanji. Koma tsopano dera lonse ndi ma integral scale atatu okha, autocorrelation siifika nkomwe pa ziro chithunzi chatha kale. Ndiye kamera imodzi siingakupatse zonse ziwiri, ukaona akulu ang'ono asowa, ukaona ang'ono akulu sakwana. Ndipo zanga nzofewa, kusiyana kwa integral ndi Kolmogorov kuli ka 30 kokha chifukwa Reynolds number yanga njotsika. Kusiyanaku kumakula motsatira Reynolds number itakwezedwa ku 3/4, nde amene mukuyeza mu jet yamphamvu kapena kuseri kwa turbine muli pa moto woposa wanga.

Chimene chinandipulumutsa nchachikale kwambiri. Kumunsi kwa grid palibe chomwe chikupanganso turbulence, ikungofa pang'onopang'ono, nde ukayeza mphamvu yake pamalo angapo motsatizana, mmene ikutsikira ukachulukitsa ndi liwiro la madzi ndiyo dissipation. Mphamvu imeneyi ili mu ma eddy akuluakulu omwe PIVlab imawaona bwinobwino ngakhale ndi windo ya 32. Ndinasuntha kamera malo asanu, masiku atatu a ntchito, nkupeza dissipation popanda kukhudza gradient ngakhale imodzi, Kolmogorov scale nkutuluka pafupi ndi 0.4 uja, ndipo ya macro lens itachotsedwa noise inabwera mdera lomwelo. Njira ziwiri zosiyana zikagwirizana mpomwe a Prof anasiya hmm.

Kanthu kena komwe palibe pulogalamu ingakukumbutse, ikani thermometer mmadzi tsiku lililonse. Viscosity ya madzi pa madigiri 10 ili pafupifupi 1.3 pomwe pa 20 ili 1.0, ndipo mu fomula ya Kolmogorov ija imalowa mwamphamvu. Kuno mu June ndi July labu imazizira ngati fuliji mmawa, pampu ikayenda maola angapo madzi amafunda, ndiye deta ya 8 koloko ndi ya 3 koloko masana si madzi amodzi. Ine ndinazindikira mochedwa, ma run ena ndinabwereza.

Za spectrum, graph yosonyeza mmene mphamvu yagawikira pakati pa ma eddy akuluakulu ndi ang'onoang'ono, ndisanameponso. Aliyense amafuna ka graph kokhala ndi mzere wa -5/3, kupendekeka komwe ganizo la Kolmogorov limalosera, chifukwa ndi komwe kamaoneka kaukatswiri. Koma mzere umenewo umaoneka bwino Reynolds number ikakhala yaikulu zedi, nchifukwa chake umboni woyamba womveka unachokera mnyanja, pomwe Grant, Stewart ndi Moilliet anayeza mmadzi othamanga a Discovery Passage ku Canada nkutulutsa zotsatira mu 1962. Mu kangalande kanga Reynolds number ya Taylor ili cha mma 40, palibe malo oti mzerewo ukhalepo, ndipo kumchira kwa spectrum ya PIV mzere umayamba kuphwatalala kapena kukwera chifukwa cha noise. Ndaonapo ma poster pomwe munthu wangogoneka mzere wa -5/3 pomwe graph ikupindika nkumati wagwirizana, pomwe mzere uliwonse wowongoka ukhoza kukhudza chinthu chopindika penapake. Ine ndinaujambula cha pambali nkulemba kuti sitinaufike.

Nde ngati mukufuna mamakisi, pa kuphweka ndi kuphunzirira ndikuipatsa 5 pa 5, munthu woti sanaonepo PIV atha kuyamba lero. Pa mean flow, vorticity ya ma eddy akuluakulu ndi integral scale, 5 pa 5 ngati deta yanu ili yokwanira ndipo ngalande yanu siikupuma ngati yanga ija. Pa Taylor microscale ndingati 3 kapena 4, imatheka ndi windo ya 16 koma muchotse noise, ine ndimakoka parabola pa autocorrelation ndikudumpha kadontho koyamba ka pa ziro chifukwa noise yonse imaunjikana pamenepo. Pa Kolmogorov scale sindipereka mamakisi chifukwa mayeso ake si a pulogalamu, ndi a lens, laser ndi timikanda tanu, ngakhale mutagula pulogalamu yodula bwanji windo ikakula kuposa eddy zotsatira nzomwezo.

Amene mukufuna kuyesa ndi zinthu zotchipa, foni yojambula slow motion ndi kuwala kopyapyala mu thanki ya nsomba zimatulutsa ma vector ndithu ngati madzi akuyenda pang'onopang'ono, ndipo pophunzitsira kalasi nzokwanira. Kungoti vidiyo ya foni imakhala yopanikizidwa, timadontho timaphwanyika, nde musayembekezere 0.1 ya pixel pamenepo. Ndipo laser iliyonse yobiriwira, ngakhale yooneka ngati choseweretsa, valani magalasi ake oyenera, kunyezimira kwa pa galasi la thanki nkokwanira kukuonongerani diso.

Pampu akuti ibwera Lachinayi. Ikangobwera ndikufuna kuyesa makamera awiri nthawi imodzi, ina ya mamilimita 150 ina ya 40 mkati mwa dera lomwelo, vuto nloti yachiwiriyo ndi ya gulu lina ndipo mwini wake amaisunga mu kabati yokiya, nde mawa ndikuyenera kupita ndi mabisiketi.